Nduwira ya Malemu a Ramkaran

Mayi Sugna anakana kuti kachikwama kawo kaikidwe kumbuyo kwa galimoto. Mwana wawo Hemraj anali atalongeza kale masutikesi ndi mabotolo a madzi, ndipo anatambasula dzanja kuti alandire kachikwamako, koma mayi ake anakakumbatira pachifuwa.

"Muli golide mmenemo, Amayi?" anafunsa Hemraj moseka.

"Muli mankhwala anga a shuga. Yendetsa galimoto yakoyo, usandifunse ngati wapolisi."

Mankhwala analimodi. Koma pansi pake panali nduwira ya amuna awo, malemu a Ramkaran, yochapidwa ndi yopindidwa bwino, ndipo ulendo wonsewu mayi Sugna anauvomera chifukwa cha nsalu imeneyo.

Miyezi inayi m'mbuyomo, pa tsiku la khumi ndi chiwiri chimwalirireni a Ramkaran, abale anadzaza bwalo la nyumba yawo kumudzi, kufupi ndi Nagaur. Linali tsiku lomanga nduwira ya bambo pamutu pa mwana, kuti mudzi wonse uone kuti nyumba ija ikadali ndi mutu. Amalume ake a Hemraj anaimirira nsalu ili m'manja. Hemraj naye anaimirira, napepesa anthu mwaulemu, nati: "Munthu amene anakana kubwera pa ukwati wanga, ine nduwira yake sindingaisenze." Anakwera galimoto yake n'kubwerera ku Jaipur tsiku lomwelo. Anthu anadya chakudya cha maliro maso ali pansi, ndipo atamaliza anapita kukaikamba bwino nkhaniyo kunyumba zawo.

Mlandu suwola. Zaka zisanu ndi zinayi zinali zitadutsa Hemraj atakwatira Ritika, mtsikana wa ku Punjab, wa mtundu wina, amene anakumana naye kusukulu ya ukachenjede. A Ramkaran analumbira kuti phazi lawo silidzaponda paukwatipo, ndipo silinaponde. Anali munthu wabwino, wosamana mnzake mbewu kapena ng'ombe yolimira, koma wouma khosi koopsa. Mdzukulu atabadwa zinthu zinafewako. Hemraj ankabwera pa chikondwerero cha nyali chaka chilichonse, iye ndi bambo ake n'kukhala pakhonde kumakamba za mvula. Mvula yokhayokha, zaka zonsezo. Mayi Sugna ankati bala linapola.

Chichokereni tsiku lija mayiwo analibe mtendere. Ankakhala pakona pa chipinda monga amachitira amasiye, atavala nsalu yoderako, mikono ilibe zibangili. Amayi anzawo ankabwera kudzawapepesa, koma aliyense potuluka ankasiya funso lomwelo: "Nanga mwana uja abwera liti kudzamaliza mwambo?" Kwa mayi Sugna, amuna awo anali asanapume. Anali ataima penapake m'njira, mutu uli pamtunda, akudikira.

Za ulendowu anayambitsa ndi Ritika. Anati apongozi ake atha ndi maganizo pakona paja, ndipo ndi bwino kuwatengako Loweruka ndi Lamlungu kukagona kulinga lina la mafumu akale limene analisandutsa hotela. Mayi Sugna zamahotela analibe nazo ntchito. Anangoona kuti masiku awiri ndi ambiri, ndipo penapake mwana wawo adzampeza ali yekha, mtima uli pansi.

Msewu unali wa maola atatu. Mdzukulu wawo Tanvi, wa zaka zisanu ndi ziwiri, ankawerenga ngamila zokoka ngolo ndipo akafika pa khumi ankayambiranso. Anaima pamalo ena kumwa tiyi wamkaka ndi zitumbuwa zatsabola. Ritika atapita ndi mwana kukasamba m'manja, mayi Sugna anayesa mwayi wawo.

"Amalume ako amakufunsa."

"Muziwapatsa moni."

"Akuti mwezi wamawa uli ndi masiku abwino. Sipafunika anthu ambiri ayi, ngakhale asanu okha..."

"Amayi," anatero Hemraj akuika kapu pansi, "masiku awiri okhawa tisakambe za kumudzi. Ndakupemphani."

Atakweranso galimoto anakweza wailesi, ndipo mayi ake anayang'ana panja mpaka kukafika.

Lingalo linali pamwamba pa phiri, makoma ake achikasu, chipata chake chachitali chokhomedwa misomali yoletsa njovu. Kale munthu wamba ngati Sugna sakanalowa pachipata chimenecho nsapato zili kuphazi. Lero anawalandira ndi ng'oma. Mtsikana wina wovala zonyezimira anabwera ndi mbale ya maluwa ndi utoto wofiira, akumwetulira kumwetulira kwa pantchito, ndipo mayi Sugna asanabweze mutu anali atawadinda kale kadontho kofiira pamphumi. Chofiira, chizindikiro cha akazi apabanja, pamphumi pa mkazi wamasiye! Mtsikanayo ataona mikono yopanda zibangili anagwira pakamwa. Ritika ananyowetsa nsonga ya mpango wake ndi madzi a m'botolo n'kuwapukuta apongozi ake pang'onopang'ono mpaka pamphumi panayera.

"Pepani, Amayi. Amadinda aliyense, sayang'ana."

"Ndaona, mwana wanga. Kuno zonse ndi zoseweretsa."

Mkati mwa chipata, pamthunzi, panakhala bambo wina wachikulire wa ndevu za pamlomo zopotana, dzina lake a Jethu, mulu wa nsalu zamitundumitundu uli pambali pawo. Ntchito yawo inali kumanga nduwira alendo onse aamuna, amwenye ndi azungu omwe, kuti ajambulitse zithunzi. Tanvi analumphalumpha. "Adadi, inunso! Inunso!"

Hemraj anaseka, nakhala pakampando, naweramitsa mutu. Mayi Sugna anamva ngati wina wawaponda pachifuwa. Mutu umene unakana kuwerama pamaso pa amalume ndi mudzi wonse unawerama apa pamaso pa munthu wosamudziwa, chifukwa cha chithunzi cha pafoni. Manja a a Jethu anazungulira kangapo, ndipo Hemraj atadzutsa nkhope, mayi ake anagwira khoma. Anali a Ramkaran enieni, a Ramkaran a zaka makumi anayi, mphuno yomweyo, mphumi yomweyo. Zinawapweteka kwambiri. Koma mkati mwa ululuwo munabadwa kaganizo kena, ndipo kanakana kuchoka.

Chipinda chimene anawapatsa chinali ndi bedi loti pangagone banja lonse. Iwo anayala nsalu pansi n'kukhala pamenepo, kachikwama kali pamiyendo. Madzulo pa chakudya anangotsina chapati imodzi. Anamva Ritika akunena kuti wapangana ndi wojambula zithunzi kuti mawa m'mawa akajambulitse banja lonse pamwamba pa linga, ndipo Tanvi anati adadi avalenso nduwira, apo ayi iye sajambulitsa.

M'mawa wa Lamlungu, alendo ena akadali pa tiyi, mayi Sugna anatsika masitepe atagwira khoma mpaka kuchipata. A Jethu anali akukung'untha nsalu zawo.

"Mwadzuka bwanji, achimwene?"

"Ndadzuka bwino, Amayi, kaya inu? Mwasochera? Kodyera ndi uko."

Mayi Sugna anakhala pansi moyang'anana nawo, natulutsa nsalu ija. Inali yachikasu chakupsa, ya mizere yofiira, yofanana ndithu ndi zina za pamulu paja. "Mwana wanga abwera kuti mumumange. Mumumange iyi."

A Jethu anailandira ndi manja awiri. Anaifinya pang'ono ndi zala, naitambasula mkono umodzi, naona pamene mafuta a m'mutu anasiya mthunzi umene sopo analephera kuchotsa. Nkhope yawo inasintha.

"Iyi si nsalu ya hotela. Zathuzi ndi zoterera, zazifupi, zomangira anthu oti pakatha mphindi khumi ayamba kudandaula kutentha. Iyi ili ndi mwini wake."

"Mwini wake anatisiya. Miyezi inayi tsopano."

"Ndiye tsiku la khumi ndi chiwiri linadutsa kalekale."

"Linadutsa. Mwana anakana."

A Jethu anapukusa mutu, naibweza nsalu ija pamiyendo pa mayiwo. "Amayi, inu ndi ine si ana. Nduwira imeneyi samanga mobera. Amamanga ndi amalume, anthu akuona, mwana atavomera ndi pakamwa pake. Ine ndine waganyu chabe. Dzulo lomweli ndamanga mzungu wovala kabudula."

"Mulungu amaona mutu ndi nsalu. Safunsa kuti wamanga ndani."

"Mukutsimikiza zimenezo?"

Mayi Sugna sanatsimikize, koma misozi inali itayamba kale. "Achimwene, ndasowa mtengo wogwira. Bambo ake a Hemraj ali m'njira mutu uli pamtunda. Ingokhudzeko mutu wa mwana wawo, ngakhale ola limodzi. Zotsalazo ndikakamba nawo ndekha ndikawapeza."

A Jethu anapota ndevu zawo. Kenako anaitenganso nsaluyo n'kuiika pamwamba pa mulu. "Ndimumanga. Koma akandifunsa, ine sindinama."

Banja linatsika dzuwa litakwera pang'ono. Mayi Sugna anaima kuseri kwa chipilala, mtima ukugunda ngati wakuba, pakuti analidi wakuba tsiku limenelo. Hemraj anakhala pakampando akuseka ndi Tanvi. A Jethu anaika nsonga ya nsalu pamutu pake n'kuyamba kuzunguliza. Pa kuzungulira kwachiwiri kuseka kwa Hemraj kunatha. Anatsinzina, manja ali pamaondo, osasuntha.

"Iyi ndiye yaitali," anatero Ritika. "Ya dzulo ija inatha msanga."

"Mutu wa bwanayu wakula usiku," anayankha a Jethu, maso ali pa ntchito yawo.

Mayi Sugna ankanong'ona mapemphero onse amene ankawakumbukira a tsiku la khumi ndi chiwiri, ena mosokoneza. A Jethu anamanga mosathamanga, mosiyana ndi dzulo, mpindo uliwonse pamalo pake, nasiya mchira wautali ukulendewera kumsana monga amavalira amuna a ku Nagaur. Atamaliza anagwira mapewa a Hemraj kamphindi. Hemraj anatsegula maso, anadziyang'ana pagalasi, nati, "Zikomo, bambo." Sanafunse kanthu.

Chimwemwe chimene chinawagwira mayi Sugna chinali chochititsa manyazi. Anakwera masitepe onse mpaka pamwamba pa linga osapuma, munthu wa shuga ndi mawondo owawa. Anaima pambali pa mwana wawo, wojambula nati amwetulire, ndipo anamwetuliradi. Anaika dzanja pamutu pa Ritika n'kumudalitsa, chinthu chimene anali asanachitepo chikwatiwireni mtsikanayo, mpaka Ritika anadabwa. Pa chakudya chamasana anadya chapati zitatu ndi kupempha zotsekemera, ndipo Tanvi anawaneneza kuti adokotala anawaletsa. Hemraj sanavule nduwira ija m'mawa wonse ngakhale kunkatentha. Ankayankhula pang'ono, koma mayi ake anati ndi kutopa.

Nthawi yonyamuka itakwana, anatsikiranso kuchipata. Pambali pa a Jethu panali dengu lalikulu limene alendo ankaponyamo nduwira zawo potuluka, zina zikugwera pansi anthu n'kumaziponda. Mayi Sugna anali asanaganizeko za dengu limenelo.

"Ritika, tsogolani ndi mwana kugalimoto," anatero Hemraj. "Tikupezani."

Atachoka, Hemraj anakweza manja onse awiri, nanyamula nduwira ija pamutu osaimasula, mmene bambo ake ankachitira pofuna kugona masana. Sanayang'ane n'komwe kudengu. Anaipereka kwa mayi ake.

"Ndinaidziwa isanafike n'komwe pamphumi," anatero. "Mafuta a mpiru ndi fodya wa Abambo. Mukanachapa kakhumi, fungolo silikanachoka."

"Ndiye wavomera, mwana wanga? Waivala tsiku lonse..."

"Ndavala kuti musachite manyazi pamaso pa anthu. Ndavala ngati mlendo wa pahotela. Landirani, Amayi."

Mayi Sugna analandira chifukwa nduwira saisiya kuti igwe pansi. "Hemraj, bambo ako analakwa, ndikudziwa. Koma munthu anapita. Ukulimbana ndi ndani tsopano?"

Hemraj anayang'ana a Jethu, amene anali atatembenukira kukhoma akupinda nsalu zopindidwa kale. Kenako anafunsa motsitsa mawu: "Mukudziwa amene anandimanga nduwira pa tsiku la ukwati wanga?"

Zaka zisanu ndi zinayi, chithunzi cha ukwatiwo chili m'bokosi la mayi Sugna pansi pa zovala, ndipo funso limenelo linali lisanawabwerere m'mutu ngakhale kamodzi.

"Ndinakhala m'kachipinda nsalu ili pamiyendo, ndikuyang'ana pakhomo. Hatchi yokwera mkwati inafika, oimba anafika. Amalume ake a Ritika analowa kawiri kudzafunsa kuti wa kwanu womanga nduwira ali kuti. Ndinati ali m'njira. Kachitatu sanafunsenso. Anaitana munthu wa kampani ya matenti amene ankamanga oimba malipenga panja. Anandimanga akutafuna fodya, foni ili pakhutu, akukangana ndi wina za mipando. Atamaliza anandimenya paphewa n'kunena kuti wotsatira." Hemraj anatembenukira kwa mayi ake. "Lero mwandipezera waganyu wina."

"Sindinadziwe. Mwana wanga, sindinadziwe."

"Simunafunse. Abambo ndinkadziwa kuti sabwera, ndinkawadziwa bwino. Pakhomo paja ndinkayang'ana inu. Ndinkati Amayi abwera, ngakhale mobisala, abwera ndi amalume."

Mawuwo anawalasa mayi Sugna kuposa tsiku la maliro. Miyezi yonseyi ankaganiza kuti aima pakati pa anthu awiri ouma makosi, iwo opanda mlandu, ongonyamula nsalu kuchoka kwa wina kupita kwa wina. Sanadziwe kuti nawonso dzina lawo lili pamlandupo.

"Ndinavala tsiku limenelo," anatero mayi Sugna. "Ndinavala nsalu yanga yofiira, ndi zibangili zonse. Ndinafika mpaka pachipata cha nyumba. Bambo ako anali pakhonde. Sanandiletse ayi, anangondiyang'ana."

"Ndiye munabwerera."

"Ndinabwerera."

Hemraj anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Maso ake anali ofiira, koma sanalire. Anawerama n'kukhudza mapazi a mayi ake monga mwa ulemu, natola kachikwama kawo. "Tiyeni, dzuwa lapita. Mwezi wamawa ndibwera kudzakutengani kupita kuchipatala kukayezetsa shuga. Koma amalume muwauze asavutike kusankha masiku."

Anatsogola kumka kugalimoto. Mayi Sugna anatsala ataima, nduwira ili m'manja. A Jethu anadzuka n'kuwayandikira.

"Bweretsani ndikumasulireni, Amayi, ndiipinde. Yomangidwa chonchi silowa m'chikwama."

"Ayi, achimwene. Isiyeni mmene ilili."

"Ndinakuuzani kuti..."

"Munandiuza. Tsalani bwino."

Oimba ng'oma anali akulandira galimoto ina imene inangofika kumene, ndipo mtsikana wa mbale uja anapatuka msanga mayiwo akudutsa. Mayi Sugna anakwera m'galimoto ya Hemraj, kumbuyo pambali pa Tanvi, naika nduwira pamiyendo atagwira mbali zonse ziwiri. Mkati mwake munali mukadali mofunda, ndipo munali dzenje lofanana ndi mutu wa Hemraj. Ritika anatembenuka, anayang'ana nduwirayo, anayang'ana mwamuna wake, koma sanafunse. Anangotambasula dzanja kumbuyo n'kugwira bondo la apongozi ake kwa kanthawi.

"Agogo, mwaba nduwira ya hotela!" anafuula Tanvi. "Adadi, agogo aba!"

"Si ya hotela, iwe. Ndi ya kwathu."

"Ya ndani?"

Mayi Sugna anakweza maso ndipo anakumana ndi maso a Hemraj pakagalasi ka kutsogolo. Hemraj anabweza maso ake kumsewu.

"Werenga ngamila zako," anatero agogowo.

Hemraj sanatsegule wailesi. Msewu wotsika phiri unali wamiyala, ndipo utatha unayamba wa maenje. Pa bampu iliyonse mayi Sugna ankafinya nduwira ija kuti isasunthe, koma nduwira imalimba ikakhala pamutu. Mchira unayamba kuterereka. Asanafike pamalo a tiyi paja mpindo wa pamwamba unali utamasuka, ndipo anayesa kuubwezera ndi zala, koma manja awo anali asanamangepo nduwira chibadwireni. Anthu a kutsogolo sanaone kuti akulira, kapena anaona n'kuwasiya. Pamene galimoto inkakhotera kanjira kafumbi kolowa m'mudzi, dzenje la mutu lija linali litatha, ndipo pamiyendo pawo panali nsalu yaitali yachikasu yoti aipindenso n'kuibwezera m'bokosi.